MAPHUNZIRO: Mayeso Olembera Kunyumba Autsa Mtsutso pa Kaphunzitsidwe ka Mbiri Yakale

HARARE – M'sukulu zambiri za kumwera ndi pakati pa Africa, wophunzira akapezeka ndi kapepala ka manotsi m'chipinda cholembera mayeso ndiye kuti zake zada. Ku Malawi kapepala kotere amakatcha likasa, ndipo mwini wake akhoza kulandidwa zotsatira zonse, mwinanso kukaonekera kubwalo la milandu. Koma pali aphunzitsi ena a phunziro la mbiri yakale, makamaka m'sukulu za sekondale ndi zaukachenjede, amene akuchita zosemphana ndi mwambo umenewu. Iwo amapereka funso kwa ophunzira n'kuwauza kuti apite nalo kunyumba, akatsegule makope ndi mabuku onse amene ali nawo, ndipo adzabweretse yankho pakatha masiku awiri kapena sabata yathunthu.

Kwa makolo amene adakula akuloweza maina a mafumu ndi zaka za nkhondo, zimenezi zikumveka ngati chibwana. Iwo amafunsa kuti ngati mwana waloledwa kusuzumira m'buku, nanga mayesowo akuyesa chiyani? Funsoli ndi lomveka, ndipo yankho lake lagona pa zimene mphunzitsi wafunsa. Mwana akafunsidwa chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidatha, buku limuuza kuti ndi 1963 ndipo nkhani yathera pomwepo. Koma akapatsidwa zolemba za anthu atatu osagwirizana pa chimene chidagwetsa chitaganyacho, n'kufunsidwa kuti wodalirika ndani ndipo n'chifukwa chiyani, palibe buku limene lingamulembere yankho.

Mayeso ololeza manotsi alipo a mitundu iwiri. Ena amalembedwa m'kalasi momwemo, mphunzitsi akuyang'anira, wophunzira ali ndi kope lake pambali. Ena ndi otenga kupita nawo kunyumba, kumene wophunzira amakhala ndi nthawi yotalikirapo koma popanda womuyang'anira. Anthu amakonda kuitchulira pamodzi mitundu iwiriyi, chonsecho mavuto ake ndi osiyana, ndipo maiko amene adayesapo mtundu wachiwiriwu ali ndi zambiri zosimba.

Kuloweza ndi kuganiza

Dandaulo lakuti ana sadziwa mbiri yakale silidayambe lero. M'chaka cha 1917 akatswiri awiri a zamaphunziro ku America, J. Carleton Bell ndi David McCollum, adayesa ophunzira a ku Texas pa maina, zaka ndi zochitika za m'mbiri ya dziko lawo, ndipo zotsatira zake zidawakhumudwitsa. Kuchokera nthawi imeneyo mayeso a mtundu womwewo akhala akubwerezedwa m'mibadwo yotsatizana, ndipo m'badwo uliwonse umapezeka kuti walephera ngati unzake. Izi zidachititsa ena kuyamba kukayika ngati vuto lili mwa anawo kapena m'mayesomo.

Mmodzi mwa okayikawo ndi Sam Wineburg, yemwe pambuyo pake adakhala mphunzitsi wamkulu pa yunivesite ya Stanford. M'kafukufuku amene adasindikizidwa mu 1991, iye adasonkhanitsa akatswiri 8 a mbiri yakale ndi ophunzira 8 okhoza bwino a kalasi yomaliza ya sekondale. Onsewo adawapatsa zikalata ndi zithunzi zofanana zonena za kuomberana kwa ku Lexington mu 1775, kumene kudatsegula nkhondo yomenyera ufulu wa dziko la America, n'kuwapempha kuti aziyankhula mokweza zimene akuganiza pamene akuwerenga.

Ena mwa ophunzirawo ankadziwa maina ndi zaka za nyengoyo kuposa ena mwa akatswiri aja, poti si onse amene ukatswiri wawo udali pa mbiri ya America. Kusiyana kudaonekera pa kawerengedwe. Akatswiri ankayamba ayang'ana kaye amene adalemba chikalatacho, nthawi imene adalemba ndi chimene ankafuna, kenako n'kuchiyerekeza ndi zinzake. Ophunzira ankangoyambira pamwamba kutsetsereka mpaka pansi, akutola mfundo ngati akutola mtedza wotayika. Atafunsidwa kuti chodalirika koposa n'chiti, ophunzirawo adakonda ndime yotengedwa m'buku la kusukulu, pamene akatswiri adaiika ndime yomweyo kumchira.

M'chigawo chathu chino nkhani yokhulupirira buku la kusukulu koposa umboni si yongocheza nayo. Mu 1905 katswiri wofukula zakale David Randall-MacIver adafufuza mabwinja a Great Zimbabwe n'kupeza kuti adamangidwa ndi anthu akuda a m'dera lomwelo, ndipo mu 1929 Gertrude Caton-Thompson adatsimikiza zomwezo. Ngakhale zidali choncho, boma la azungu la Rhodesia lidapitiriza kukakamiza kuti zolembedwa zopita kwa anthu zisanene zimenezi mosapsatira, ndipo Peter Garlake, woyang'anira malo a mbiri yakale yemwe adakana kubisa umboni, adachoka m'dzikomo mu 1970. Ku South Africa nako ana adaphunzitsidwa kwa zaka zambiri kuti azungu adapeza dera lalikulu la dzikolo lopanda anthu. Mwana woloweza bwino zimenezi ankakhoza mayeso ndi malikisi apamwamba. Mayeso oloweza amaona ngati mwana wabweza zimene zili m'buku, koma alibe njira yodziwira ngati bukulo likunama.

Funso limodzi, mboni zitatu

Kuti kusiyana kwa mafunso kuoneke bwino, titenge nkhani imene ophunzira a mbiri ya pakati pa Africa amakumana nayo kawirikawiri, ya kuukira kwa Mbusa John Chilembwe ku Nyasaland.

Mfundo zake zoloweza ndi zodziwika. Chilembwe adapita ku America mu 1897 ndi mmishonale Joseph Booth, adabwerako mu 1900 n'kukhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira minda ya kampani ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene adapha azungu atatu kuphatikizapo woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone. Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho. Zonsezi zikhoza kukwana pa kapepala kobisa m'sokosi, ndipo n'chifukwa chake mayeso ofunsa zimenezi amafuna mlonda pakhomo.

Tsono mphunzitsi wina akhoza kuchita mosiyana. M'malo mofunsa zaka, iye apatsa wophunzira aliyense masamba ochepa okhala ndi ndime zochokera kwa mboni zitatu. Yoyamba ndi kalata imene Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, itachitika nkhondo ya ku Karonga pakati pa asilikali a Britain ndi a Germany, momwe ankadandaula kuti anthu akuda akukhetsa mwazi pa nkhondo imene si yawo pomwe pa nthawi ya mtendere sawerengedwa kanthu. Yachiwiri ndi lipoti la komiti imene boma la atsamunda lidakhazikitsa kuti ifufuze za kuukirako, lomwe lidatuluka mu 1916. Yachitatu ndi nkhani imene George Simeon Mwase adalemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, yomwe idadzasindikizidwa mu 1967. Funso likhale lakuti: mwa thangata, nkhondo ya azungu ndi chikhulupiriro cha chipembedzo, n'chiti chimene chidamufikitsa Chilembwe pogwira zida, ndipo mwa mboni zitatuzi ndi iti imene yakuthandizani koposa kufika pa yankho lanu?

Apa wophunzira ayenera kutuluka thukuta ngakhale mabuku onse ali chitsegukire. Kalata ya 1914 ndi mawu a mwini wake, koma idalembedwa miyezi iwiri kuukira kusadachitike, idapita ku nyuzipepala ya azungu pa nthawi ya nkhondo, ndipo munthu wolembera adani ake poyera sanena zonse za kumtima. Lipoti la 1916 lidalembedwa ndi azungu okhaokha, ndipo anthu akuda amene adaperekera umboni pamaso pawo adatero anzawo ambiri atangonyongedwa kumene kapena kuponyedwa m'ndende. Komabe lipoti lomweli lidavomereza kuti Livingstone ankachitira nkhanza anthu a m'mindamo, ndipo mboni ikavomera chinthu chochititsa manyazi mbali yake yomwe, mawu akewo amalemera. Wophunzira wochenjera aonanso kuti kuloza chala munthu mmodzi wankhanza kudali kopepuka kwa boma kusiyana ndi kuvomera kuti ulamuliro wonse wa atsamunda ndiwo udali ndi vuto. Mwase adali munthu wakuda, koma sadalipo pa zochitikazo. Adalemba patapita zaka zoposa 15, potsamira zimene adamva kwa ena, ndipo chithunzi chimene adajambula, cha Chilembwe wodziwa kuti agonja koma wofuna kufa kuti atsamunda agalamuke, chimagwirizananso ndi ndale za nthawi ya Mwaseyo.

Akatswiri eni ake sadamvane pa nkhaniyi. George Shepperson ndi Thomas Price, m'buku lawo la mu 1958, adamuona Chilembwe ngati kalambulabwalo wa nkhondo yomenyera ufulu, pamene ena pambuyo pawo adatsindika za chiyembekezo cha kutha kwa dziko chimene chidafala m'deralo cha m'ma 1914. Choncho mphunzitsi wochonga sakhala ndi yankho limodzi m'thumba. Ophunzira awiri akhoza kusankha zifukwa zosiyana onse n'kukhoza, malinga ngati aliyense waonetsa pamene waima ndiponso wayankha umboni womutsutsa. Zipangizo za ntchito yotere zilipo: mu 2015 katswiri John McCracken adasindikiza m'buku limodzi maumboni amene adaperekedwa ku komiti ija.

Ntchito yotere siyingatheke m'mphindi 40, makamaka kwa mwana amene akuwerenga Chingerezi chakale m'chiyankhulo chimene si chobadwa nacho. Apa ndi pamene pagona mfundo yaikulu ya okonda mayeso a kunyumba. Iwo amati mayeso a m'chipinda amakondera wolemba mofulumira ndi wolimba mtima, ndipo amaponderezera mwana woganiza mofatsa, amene mwina ndiye woyenera phunziroli. Palinso phindu lina losayembekezereka. Kumene mabuku ndi osowa, manotsi amakhala zimene mwana wakopera pabolodi liwu ndi liwu, nthawi zina osamva n'komwe tanthauzo lake. Mwana akadziwa kuti kope lakelo ndilo khasu limene adzalimire pa mayeso, amayamba kulisamala mwa mtundu wina: kulemba m'mawu akeake, kuika mafunso m'mphepete, kulumikiza phunziro la lero ndi la mwezi watha.

South Africa idafika pakati

Maganizo amenewa si achilendo. Ku England ntchito yophunzitsa ana kusanthula umboni idayamba mwamphamvu mu 1972 kudzera m'pulojekiti ya Schools Council imene likulu lake lidali ku Leeds, ndipo ku America funso loyankhidwa pogwiritsa ntchito zikalata lidalowa m'mayeso a Advanced Placement mu 1973.

M'chigawo chino dziko limene lidayenda mtunda wautali pa njirayi ndi South Africa. Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, ndondomeko yoyamba ya maphunziro, yotchedwa Curriculum 2005, idasakaniza mbiri yakale ndi maphunziro ena m'makalasi a m'munsi mpaka phunzirolo lidatsala pang'ono kuzimirira. Nduna ya zamaphunziro Kader Asmal idakhazikitsa gulu la akatswiri mu 2000 kuti liunike za nkhaniyi, ndipo kuyambira pamenepo phunziroli lidayamba kubwerera m'malo mwake. Pansi pa ndondomeko ya CAPS, imene idayamba kulowa m'sukulu mu 2012, wolemba mayeso a matric pa mbiri yakale amakumana ndi mapepala awiri a maola atatu lililonse. Pambali pa mafunso amalandira kabuku ka zikalata: ndime za zoyankhula za atsogoleri, zithunzi, zojambula zoseketsa za m'nyuzipepala, maumboni a ku komiti ya choonadi ndi chiyanjano. Kope la manotsi sililoledwa, koma mbali ina ya zofunika kudziwa imakhala ili kale patebulo, ndipo chimene chikuyesedwa ndi zimene wophunzira achite nazo.

Kuwonjezera apo, malikisi 25 pa 100 alionse amachokera ku ntchito ya pasukulu, yomwe mwa zina muli kafukufuku amene mwana amachita payekha kunja kwa kalasi. Unduna wa zamaphunziro umachititsanso mpikisano wa mbiri yapakamwa wokumbukira Mfumu Albert Luthuli, momwe ana amafunsa akuluakulu a m'madera mwawo. Koma boma silidasiye chitseko chosatseka. Bungwe la Umalusi, loona za ubwino wa mayeso, limayerekeza malikisi ochokera kusukulu ndi a mayeso omaliza, ndipo akasiyana mopitirira muyeso limawasintha. Kunena kwina, ntchito ya kunyumba imakhulupiriridwa pokhapokha ngati mayeso a m'chipinda aichitira umboni.

Mbali ina ya nkhaniyi

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zovuta kuzikankhira kumbali. Yoyamba ikuchokera kwa akatswiri a kaganizidwe ka munthu. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a pa Washington University ku St. Louis adaonetsa kuti ophunzira amene adayesedwa kukumbukira ndime osaiona ankaikumbukira bwino patatha sabata kuposa amene adangoiwerenga mobwerezabwereza. Kudzikakamiza kukumbukira ndi njira ina yophunzirira. Kafukufuku wina wa Pooja Agarwal ndi Roediger, wa mu 2011, adapeza kuti ophunzira akauzidwiratu kuti buku lidzakhala lotsegula sakonzekera mokwanira. Izi zikukhudza mbiri yakale mwachindunji, chifukwa mwana amene sadziwa kuti thangata n'chiyani sangathe kuyeza lipoti la 1916, ngakhale atapatsidwa mwezi wathunthu. Kuganiza kumafuna poponda. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amene amapereka mayeso a kunyumba sasiya timayeso tating'ono ta m'kalasi, ta mphindi zisanu, topanda manotsi ndiponso ta malikisi ochepa.

Mfundo yachiwiri ndiyo yakhala ikugwetsa ndondomeko zoterezi: kodi walemba ndani?

Dziko la Zimbabwe lidaphunzira zimenezi movutikira. Maganizo akuti mwana asamaweruzidwe ndi mayeso a tsiku limodzi adachokera kutali, ku komiti ya Nziramasanga imene idapereka lipoti lake mu 1999. Kuyesa koyamba kudaimitsidwa mu 2018 anthu atadandaula, koma mu 2021 boma lidabweretsa ndondomeko ya Continuous Assessment Learning Activities, mwachidule CALA, imene inkapereka malikisi 30 pa 100 alionse a zotsatira za mayeso a ZIMSEC m'makalasi a Giredi 7, Fomu 4 ndi Fomu 6. Papepala zidali zabwino. M'makomo zidali zina. Makolo adadandaula za ndalama zogulira mapepala, zosindikizira zithunzi ndi zolowera pa intaneti. Ana ankakhala ndi ntchito zingapo pa phunziro lililonse mpaka nthawi yowerenga n'kutha. Nyuzipepala za m'dzikomo zidalemba kangapo za anthu amene adasandutsa CALA geni, kulembera ana a eni ake pa mtengo, ndiponso za makolo amene ankachezera usiku akuchita okha ntchito ya ana awo. Mu Febuluwale 2024 nduna za boma zidavomereza ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya 2024 mpaka 2030, yotsamira pa chikhalidwe ndi chuma cha dzikolo, ndipo CALA idalowedwa m'malo ndi mapulojekiti ochitikira pasukulu pomwepo, mphunzitsi akuona.

Ku England zidayenda chimodzimodzi, kungoti mwapang'onopang'ono. Mayeso a GCSE, amene adalembedwa koyamba mu 1988, adali ndi gawo la ntchito yochitira kunyumba. Madandaulo a kukopera pa intaneti ndi thandizo lopyola muyeso la makolo atachuluka, kuyambira mu 2009 ntchitoyo idayamba kulembedwa m'kalasi moyang'aniridwa, ndipo pofika 2018 mayeso a GCSE a mbiri yakale adabwerera kwathunthu m'chipinda. Pa mlingo wa A-level pokha ndi pamene padatsala kafukufuku wa wophunzira payekha, wa malikisi 20 pa 100.

Chachitatu n'chakuti makomo ndi osiyana. Chipinda cha mayeso, ndi zoipa zake zonse, chimapatsa mwana wa nduna ndi mwana wa mlimi desiki lofanana ndi nthawi yofanana. Kunyumba kulibe zimenezo. Kalembera wa anthu wa ku Malawi wa mu 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira ndi magetsi. Mwana wa pasukulu yogonera komweko ali ndi laibulale ndi nthawi yowerenga madzulo, pamene mnzake woyendera amafika kunyumba dzuwa litapendeka, ndipo akakhala mtsikana amapeza mtsuko, nkhuni ndi mphika zikumudikira. Kunena kuti onsewa apatsidwa masiku atatu n'kunena zoona mwa theka.

Pamwamba pa zonsezi padadza makina. Mliri wa Covid-19 utatseka sukulu mu 2020, mayunivesite ambiri, kuphatikizapo ya Unisa ku South Africa, adasamutsira mayeso kunyumba mokakamizika, ndipo aphunzitsi ena adaona kuti njirayi ili ndi zabwino zake. Koma mu Novembala 2022 kampani ya OpenAI idatulutsa pulogalamu ya ChatGPT, imene imatha kulemba chimangirizo chooneka bwino m'kanthawi kochepa pa foni ya m'manja. Mapulogalamu ofuna kugwira zolembedwa ndi makina sadathandize kwenikweni. Kampani ya OpenAI yomwe idachotsa pulogalamu yake yotere mu Julayi 2023 poona kuti imalakwitsa kwambiri, ndipo m'chaka chomwecho akatswiri a ku Stanford adapeza kuti mapulogalamuwa ankanamizira zolemba zoposa theka za anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo choyamba kuti zalembedwa ndi makina. Kwa ana a m'chigawo chino, amene ambiri amalemba mayeso m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi chophunzira kusukulu, chenjezo limeneli ndi lalikulu.

Tisaiwale, komabe, kuti chipinda chotseka nachonso si malo oyera. Mu Novembala 2020 boma la Malawi lidathetsa mayeso a MSCE ali mkati chifukwa mapepala adabedwa n'kufalikira pa mafoni, ndipo ophunzira onse adalembanso mu Januwale 2021. Funso limene yankho lake ndi limodzi ndiponso lalifupi ndilo lokoma kuba ndi kugulitsa.

Zimene zingatheke m'kalasi

Phunziro lochokera ku Zimbabwe ndi ku England likuoneka kuti ndi lakuti vuto limakula pamene ntchito yosayang'aniridwa yapatsidwa malikisi olowa pa satifiketi ya boma. Pamenepo aliyense, kholo, mphunzitsi ndi mwini sukulu, amakhala ndi chifukwa chothandizira mopitirira. Mayeso a pakati pa teremu, amene cholinga chake ndi kuonetsa mphunzitsi pamene ana ake afika, ali ndi mpata wokulirapo woyesera njira zatsopano, ndipo safuna chilolezo cha bungwe la mayeso.

Aphunzitsi amene amaigwiritsa ntchito njirayi mosamala sangoponya funso n'kudikira. Amapereka okha zikalata zonse zofunika, masamba awiri kapena atatu, n'kunena kuti yankho lichokere m'menemo ndi m'kope la mwana basi. Potero wokhala ndi intaneti sapambana mnzake ndi kanthu, ndipo yankho lodzaza ndi mfundo zachilendo limadziulula lokha. Ena amati ndondomeko ya yankho ilembedwe m'kalasi, mphunzitsi asainepo, ndipo idzabwere pamodzi ndi ntchito yomaliza. Kumene makomo ndi ovuta, mayesowo amangogawidwa m'mapiriyodi awiri kapena atatu a m'kalasi, makope ali otsegula, mapepala n'kumagona mu ofesi.

Njira ina ndiyo kufunsa zinthu zimene makina sazidziwa. Mu 1974 ndege yonyamula anthu ogwira ntchito m'migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Pulezidenti Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu opita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Zimenezi zili m'mabuku. Koma mmene kuimitsako kudasinthira mudzi wina wa ku Ntcheu kapena ku Mzimba zili m'mitu mwa agogo okha. Chimodzimodzinso mbiri ya mabanja a ku Copperbelt pamene migodi ya kopa inkagulitsidwa kwa makampani m'zaka za m'ma 1990, kapena ya anthu a ku Tete amene adathawira ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa nkhondo imene idatha mu 1992. Mwana wotumidwa kukafunsa zoterezi amabwera ndi umboni umene palibe adaulembapo. Mpofunika kumukumbutsa kuti agogo nawonso ndi mboni ngati Mwase, yoti ifunsidwe kuti idaona yokha kapena idangomva, ndiponso kuti nkhani zina za nkhondo zikadali zilonda m'mabanja moti sizifunsidwa mwachisawawa.

Chida champhamvu koposa n'chakale kwambiri: kumufunsa mwana pamaso. Wophunzira akabweretsa ntchito yake, mphunzitsi amaloza ndime imodzi n'kumufunsa chifukwa chimene wakhulupirira lipoti la azungu pa mfundo iyi koma osalikhulupirira pa inayo. Wolemba yekha amayankha, ngakhale mwachibwibwi. Wolemberedwa amayang'ana pansi.

Vuto lake ndi nthawi. Mphunzitsi wa kalasi ya ana 80 akati acheze ndi aliyense kwa mphindi zisanu afunika mphindi 400, omwe ndi mapiriyodi 10 a mphindi 40, ndipo apo n'kuti asadayambe kuchonga zimangirizo 80 zimene chilichonse chili ndi mfundo zakezake. Mayeso oloweza amachongeka usiku umodzi. Ena amachepetsa katunduyu pochita maere, kufunsa ana khumi okha pa ntchito iliyonse popanda wodziwiratu kuti agwera ndani, ndipo ena amafupikitsa yankho kuti likhale tsamba limodzi. Ngakhale atero, mphunzitsi wa Fomu 4 amadziwa kuti kumapeto kwa chaka iye ndi sukulu yake adzaweruzidwa ndi zotsatira za MANEB, ZIMSEC kapena bungwe la mayeso la ku Zambia, ndipo teremu yachitatu ikafika ana eni ake ndi amene amayamba kupempha mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo.